Wa windsurf akatengedwa ndi mwera, timubweze bwanji kumtunda?

Boti_Chembe:

Akuluakulu, moni nonse. Ndili ndi funso kwa inu odziwa za panyanja. Kuno ku Chembe alendo ena amasewera windsurf, mabolodi a thanga aja, ndipo munthu akakanika kubwerera oitanidwa ndife a maboti. Boti lake ndi lamatabwa, lotalika mamita 7, injini ya 15 hp, timakwera awiri. Nyengo ya mwera ino wophunzira amanyamuka pagombe pali bata, koma akangopita patsogolo pang'ono thanga lagwa, akalidzutsa lagwanso, mpaka manja kutheratu mphamvu, uku akutengedwa kulowera ku chilumba cha Thumbi.

Timufike kuchokera mbali iti? Chingwe timange pati, poti mabolodi ena alibe pomangira? Thanga tilisiye m'madzi kapena timasule? Mwiniwakeyo akwere m'boti kapena akhale pabolodi lake? Pagombe pano aliyense amanena zake, ena akuti ingomuponyerani chingwe agwire ndi manja inu muzikoka. Tithandizeni mwatsatanetsatane, zikomo.

Kaputeni_MonkeyBay:

Achimwene, za kumuponyera chingwe kuti agwire ndi manja zija zisiyeni. Munthu amene wakhala akudzutsa thanga kwa theka la ola zala zake sizigwiranso. Boti likangotsomphola chingwe, chimamupulumuka kapena chimamugwetsera m'madzi. Akachikulunga padzanja kuti chisapulumuke ndiye chimamusenda khungu, mwinanso kuthyola chala. Chingwe chimamangidwa pabolodi, pamunthu ayi.

Gwero la vuto lanu ndi momwe gombe lanulo linakhalira. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pomwe gombe la Chembe linayang'ana kumadzulo chakumpoto, mapiri ali kumsana. Mphepo imadumpha mapiriwo n'kukatera pamadzi patali ndi mchenga. Pafupi ndi gombe madzi amaoneka osalala, mlendo n'kumati lero kuli bwino, osadziwa kuti kutsogoloko mphepo ndi ina, yowomba modukizadukiza, ndipo ikumukankhira kunja nthawi yonseyo. Akaphonya Thumbi chatsala ndi chilumba cha Mumbo, akaphonyanso chimenecho ndi nyanja yokhayokha mpaka mbali ya Salima. Tingoyerekeza kuti akutengedwa makilomita 2 pa ola: mphindi 30 zokangana kuti mafuta agula ndani ndi kilomita yathunthu. Ndiye musadikire kuti akuwe. Amene watambasula manja m'mbali n'kumawakweza ndi kuwatsitsa pang'onopang'ono akupempha thandizo, chizindikiro chimenecho n'chodziwika padziko lonse. Amene wangokhala pansi pabolodi osayesanso kudzutsa thanga, nayenso mutsatireni.

Musananyamuke siyani munthu pamalo okwera, ntchito yake ikhale imodzi basi, kuyang'ana wotengedwayo osachotsa maso. Muli m'boti, mafunde a mita imodzi okha amabisa munthu wokhala pansi. Wapamtunda uja muzilankhula naye pafoni, foniyo ili mu jumbo yomanga bwino. M'boti mukhale chingwe choyandama cha mamita 15, chonenepa mamilimita 8 kapena 10, tizingwe tiwiri ta mamita 3, mpeni wakuthwa, nkhafi ziwiri, chokapira madzi, nangula, madzi akumwa, ndi ma laifu jaketi atatu, awiriwo mutavala kale. Mafuta musayeze ndi maso. Injini ya 15 hp yosakaniza petulo ndi oilo, ikapatsidwa moto wonse, imamwa malita 6 kapena 7 pa ola, ndipo pobwerera mudzakhala mukulimbana ndi mphepo mutalemedwa. Gawani mafuta patatu: opitira, obwererera, ndi otsala.

Tsopano kafikidwe. Thanga likakhalitsa m'madzi limasanduka nangula. Bolodi ndi munthu zili pamwamba, mphepo imazikankha, ndiye nthawi zambiri mumapeza thanga lili mbali yomwe mphepo ikuchokera, bolodi lili kumunsi kwake. Musamufike mphepo ili kumbuyo kwanu, chifukwa boti silikhala ndi mabuleki, mphepo ndi funde zidzakukwezani pamwamba pa thangalo kapena pa munthuyo. Zungulirani kumunsi, patali ndithu, mutembenuze mutu wa boti uyang'ane mphepo, mubwere ndi moto wochepa. Mukafika poti akumva, mukuwireni kuti akhale pabolodi, miyendo isalendewere m'madzi. Dutsani m'mbali mwake mamita 4 kapena 5, mulunjike kunsonga ya mlongoti, mtengo woimika thanga uja. Kumeneko ndi kumene kuli kutali kwambiri ndi munthu, kulibenso zingwe zoti zikulunge pulopela.

Mnzanu wakutsogolo akangogwira nsongayo, zimitsani injini. Ndikuti kuzimitsa, osati kungochotsa giya. Chogwirira cha giya chimakankhika ndi bondo boti likagwedezeka, ndipo pulopela sisankha. Kachingwe kofiira kozimitsira injini kakhale pamwendo wa woyendetsa nthawi yonse. Pali malo amodzi okha pomwe simuzimitsa msanga: ngati mwamupeza pafupi ndi miyala ya Thumbi, Domwe kapena Otter Point mphepo ikukukankhirani komweko. Pamenepo muponyereni chingwe amange patsinde pa mlongoti, mumukokere poyera pang'onopang'ono, kenako muyambe ntchito.

Thanga musalinyamule pakati kapena kumapeto kwa boom, chogwirira chopingasa thanga chija. Thanga la masikweya mita 6 litakhala ndi madzi a masentimita 5 okha pamwamba pake, amenewo ndi malita 300, makilogalamu 300. Palibe msana wonyamula zimenezo, ndipo chimayamba kugonja ndi pulasitiki ya thangayo. Kwezani nsonga ya mlongoti pang'ono, mphepo ilowe pansi, madzi atsetsereke okha. Kenako muzipatsirana mlongoti dzanja ndi dzanja modutsa pamwamba pa boti, boti lizilowa pansi pa thanga mpaka ligundane ndi bolodi. Tembenuzani bolodi mphuno yake iyang'ane komwe kwayang'ana mutu wa boti. Mlongoti ugone mopingasa boti cha kutsogolo, boom ndi thanga lonse zili kumbuyo kwa mlongotiwo. Mukaziika mosemphanitsa, mukangoyamba kuyenda mphepo imalowa pansi n'kulitembenuza mwamphamvu, ndipo boom ikamenya pamutu imakomola. Pakati pa bolodi ndi boti ikani thumba, tayala kapena laifu jaketi, chifukwa mitu ya misomali ya boti lamatabwa imaboola khungu la bolodi, ndipo likabooka limamwa madzi.

Njira imeneyi ndi ya mtunda waufupi ndi mafunde aang'ono. Mlongoti wa mamita 4.3 kapena 4.6 umatulukira mbali inayo mamita oposa 2, ndipo nsonga yake ikalowa m'funde imapotola boti kapena kuthyoka. Munthuyo ine ndimati akwere m'boti nthawi zonse. Ali m'boti mukumuona nkhope, mukumva momwe akupumira.

Mphunzitsi_wa_thanga:

A Kaputeni afotokoza bwino kafikidwe, pamenepo sindiwonjezera. Koma achimwene, boti la mamita 7 ngati lanulo, mwera ukakhwima musavutike n'kukoka. Masulani zonse mukweze m'boti. Bolodi la ophunzira limatalika mamita 2.5 mpaka 3, kulemera kwake makilogalamu 12 mpaka 16, malo alipo okwanira. Ngozi zambiri za kukoka zimatha pongochita zimenezi.

Kamasulidwe kali ndi dongosolo lake, ndipo mukalisokoneza mumataya katundu. Choyamba mangani bolodi ku boti ndi kachingwe kamodzi mwa tiwiri tija, kudzera pa lamba wopondapo phazi. Bolodi likalekana ndi thanga lisanamangidwe, mphepo imalithamangitsa kuposa momwe munthu angasambirire. Kachingwe kachiwiri mangani pa boom. Mukatero lekanitsani thanga ndi bolodi patsinde pa mlongoti, pamene pali kampira kopindika kaja. Mabolodi ena ali ndi kabatani kamodzi kokankha kapena kokoka, ena timabatani tiwiri m'mbali tofinya pamodzi. Kakalimba, pendeketsani bolodi ligone chammbali kuti kampirako kawongoke, katuluka mosavuta. A Kaputeni, apa ndiwonjezereko pa njira yanu yogoneka mlongoti mopingasa: m'mbali mwa boti lamatabwa mumakwera kuposa maboti a mpira omwe njirayo inazolowereka, ndiye ngati mlongoti ukupanikizika pamilomo ya boti, ndi bwino kumasula tsinde lomweli kusiyana n'kukakamiza.

Thanga lili m'boti, yambani ndi outhaul, kachingwe kakumapeto kwa boom kamene kamakoka thanga cham'mbuyo. Kenako tsegulani chopanira cha boom pamlongoti, muisolole, muiike pansi pa mipando. Chingwe chodzutsira thanga chija, uphaul, chimatsala pa boom, musachitaye chifukwa muchifuna pomanga. Downhaul, chingwe cha pansi chodutsa m'timawilo, ndi chimene chimakhala chokungika kwambiri. Chichotseni pa chopanira chake pang'onopang'ono, zala zili kutali ndi timawilo, ndipo wina asakhale moyang'anizana ndi nsonga ya mlongoti. Tulutsani kachitsulo kotalikitsira mlongoti, mukaike malo oti sikangagwe. Kameneko ndi tsinde lake zikagwera m'madzi zimamira pomwepo, boom nayo sichedwa. Mlongoti sololani moupotoza, wina atagwira kumutu kwa thanga. Ndi wa zigawo ziwiri zolowetsana, ndiye nthawi zina chimatuluka chigawo cha pansi chokha, chapamwamba n'kutsalira m'thumba la thanga. Musachikoke ndi ukali, chikankheni kuchokera kunsonga. Thanga likulungeni kuyambira kumutu kutsika, ngati mphasa, motsatira timitengo tolimbitsa tija ta m'kati mwake, mumange ndi uphaul. Musalipinde, musalipondenso: pulasitiki yoonekera ija ikachita mzere wopindika, imadzang'ambikira pomwepo. Anthu awiri ozolowera amatha zonsezi m'mphindi 5 mpaka 10. Yesezani pamchenga kawiri katatu musanakumane nazo pamafunde.

Bolodi likwezeni mulitembenuze, fin, chipsepse cha pansi kumchira kwa bolodi, ili m'mwamba ndi kumbuyo, mulimange ku mipando. Fin ndi yakuthwa, ikulungeni nsalu. Bolodi losamanga limanyamulidwa ndi mphepo m'boti momwemo.

Kukoka kwenikweni kumafunika pamene boti ndi laling'ono kapena ladzaza. Mabolodi ambiri a ophunzira ali ndi kabowo kapena kachingwe kumphuno, pomangira ndi pamenepo. Ngati palibe, mangani patsinde pa mlongoti lomwe latsala pabolodi, pansi pa kampira kopindika, osati pamwamba pake, chifukwa kampirako kakakalamba ndi dzuwa kamaduka. Onani kaye kuti tsindelo lamangika mu njira yake, lipotozeni lilimbe. Lamba wa phazi wakutsogolo ali chammbali, mukakokera pamenepo bolodi limayenda chopingasa. Mfundo yake ndi bowline, mfundo ya amalinyero yosatsetsereka, kapena kuzunguliza chingwe kawiri n'kumanga timfundo tiwiri pachingwe chomwecho. Mfundo yomangira mtolo wa nkhuni ija ikanyowa n'kukokedwa simasulikanso.

Ngati bolodi lili ndi daggerboard, chipsepse chachikulu cha pakati, chibwezeni m'kati pokankha chogwirira chake kutsogolo. Chikatsala pansi, liwiro likangokwera chimanyamula bolodi mbali imodzi n'kuligubuduza. Fin yakumbuyo yokha ndi imene imaliwongola. Ikakhala kuti yathyoka, ndipo kawirikawiri n'chimene chachititsa kuti munthuyo akanike kubwerera, mangani harness yake, lamba wa m'chiuno wodzikolowekera ku boom uja, kapena nsalu pa lamba wakumbuyo izikhwekhwereka m'madzi, mchira suvinanso kwambiri.

Pa zoti munthu akwere m'boti nthawi zonse, ndisiyana nanu pang'ono a Kaputeni. Kukwera m'mbali mwa boti lalitali pamafunde nako kuli ndi ngozi yake, nthiti ndi zala zimapanikizika pakati pa boti ndi bolodi. Ngati akulankhula bwino, sakunjenjemera, wavala laifu jaketi, bolodi lake ndi lalikulu la malita 180 mpaka 220, ndipo gombe lili pafupi, angagone chafufumimba pabolodi, thupi lili cha kumbuyo kuti mphuno idzuke, manja atagwira malamba. Kulemera kwake kumathandiza kuti bolodi lisatembenuke. Koma kabolodi ka malita 90 kapena 100 ayi. Lita imodzi imayandamitsa kilogalamu imodzi, ndiye munthu wa makilogalamu 75 kuphatikiza kulemera kwa bolodilo watsala pang'ono kukamaliza. Alendo ozolowera nyanja yamchere amaiwalanso kuti madzi athu opanda mchere amayandamitsa mocheperako, ndiye bolodi lomwe limawanyamula kwawo kuno limakhala m'munsi. Woteroyo akwere m'boti basi.

Msodzi_Makawa:

Zikomo akuluakulu. Ine ndinenepo za mbali yathu ya asodzi, chifukwa nthawi zambiri amene amayamba kufika pa wotengedwa ndi wa bwato, osati wa injini.

Muli pa bwato musalole kuti agwire m'mbali. Munthu wamantha amakoka ndi thupi lonse, bwato limatembenuka, otengedwa n'kukhala awiri. Mufikireni ndi kumutu kwa bwato, mulankhule naye akhale pabolodi lake, chifukwa bolodilo limayandama kuposa bwato lanu. Akakhala kuti walekana ndi bolodi, muponyereni chigubu chopanda kanthu cha malita 20 chotseka bwino, akachikumbatira pachifuwa chimamusunga mutu pamwamba. Kukoka bolodi ndi thanga lili m'madzi pogwiritsa nkhafi n'kutaya mphamvu chabe, simusuntha. Thanga likwere kaye pabolodi, boom itatsamira kumchira. Ngakhale litatero, mwera weniweni simungaupalase molunjika mukukoka katundu. Pitani chopingasa, mulunjike kuseri kwa chilumba kapena kwa phiri komwe kuli bata, ngakhale kutakhala kutali ndi kumene anachokera. Kuyenda wapansi makilomita 3 pamchenga si vuto. Mphepo ikakukanikani, mangani bwato ndi bolodi pamodzi mukhale naye, muzikweza nkhafi yomangirira nsalu. Zinthu ziwiri pamodzi zimaoneka msanga kuposa chimodzi.

A maboti a injini samalani ndi matchera. Mukaona mabotolo kapena zigubu zikuyandama mondondozana, pansi pake pali chingwe cha ukonde. Boti lanu likhoza kudutsa, koma fin ya bolodi imalowa pansi masentimita 30 mpaka 50, imakola chingwecho, chokokera chanu n'kukungika mwadzidzidzi. Zungulirani kumapeto kwa ukonde. Mukaudula mwangozi, kauzeni a komiti ya pagombe, a BVC, mwini wake adziwe.

Mphepo sichita mofanana magombe onse a Mangochi. Kuno ku Makawa ndi Nkopola mwera umayenda motsatira gombe, wotengedwa amalowera kumpoto cha ku chilumba cha Boadzulu, ndiye mukamamufuna musapite pomwe munamuona, pitani kutsogolo kwake. Mpoto, wa nyengo ya mvula, umabweretsa mafunde aakulu pamchenga chifukwa wachokera kutali, vuto limakhala pokocheza. Tsidya la Malindi, yomwe imakankhira kunja ndi vuma wochokera kum'mawa. Kumunsi cha komwe Shire amatulukira kuli bango, mvuu ndi ng'ona, musakocheze m'bango madzulo ngakhale patakhala pafupi.

Ndipo muziona dzuwa. Mwezi wa Juni limalowa cha m'ma 5:30, ikamakwana 6 koloko kwada. Usiku nyali za a usipa zimadzaza nyanja, kuwala kwa katochi ka munthu mmodzi kumasokonekera pakati pake. Ikafika 4 koloko wina asanabwerere, musayembekeze kuti mphepo igwa yokha. Nambala za apolisi a panyanja a ku Monkey Bay ndi za apampando a BVC zikhale m'foni mwanu kale, ndipo a zanyengo akachenjeza za mwera pawailesi, obwereketsa mabolodi auzidwe.

Boti_Chembe:

Zikomo kwambiri nonse, zambiri zamveka. A Kaputeni, kwatsala mbali ya boti. Chingwe chokokera timange pati, poti pakati kumbuyo pali injini? Liwiro likhale lotani? Ndipo pofika pagombe bolodi limathamangira boti n'kudzagunda injini, pamenepo tipewe bwanji?

Kaputeni_MonkeyBay:

Achemwali aphunzitsi, pa bolodi lalikulu ndi munthu wamphamvu zake ndavomera, bola wina m'boti akhale atatembenukira kumbuyo kumuyang'ana ulendo wonse.

Achimwene, mukamanga pa ngodya imodzi yakumbuyo boti limakokekera mbali imeneyo, dzanja limatopa ndi kuwongola. Tengani chingwe cha mamita 3, mumange nsonga zake pa ngodya ziwiri zakumbuyo, chilendewere kuseri kwa injini osaikhudza ngakhale mutaipotoza mpaka kumapeto. Chokokera chidutse pakati pa chimenechi. Pa injini penipeni musamange chilichonse. Kumbali ya boti musamange mfundo yakufa: chingwe chibwerere m'boti, muchizungulize kawiri pa mpando wolimba, mnzanu agwire nsonga yake. Bolodi likatembenuka kapena munthu akagwa, amangotaya nsongayo, chingwe chimasoloka chokha. Chotsala chikhale chokulungidwa bwino, kutali ndi mapazi. Ndinati choyandama chifukwa cha nayiloni chimamira chikakhwepa, n'kupita ku pulopela. Chikakulunga, zimitsani injini, muitukule, mudule ndi mpeni. Mukakakamiza ndi moto mumadula kapini ka pulopela kapena kuwononga mpira wa m'kati mwake, ndiye otengedwa mwakhala nonse.

Poyamba kukoka lowetsani giya ndi moto wapansi, chingwe chikungike pang'onopang'ono. Liwiro likhale la munthu woyenda ndawala, makilomita 5 mpaka 8 pa ola. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yomwe madzi amakanira imawirikiza pafupifupi kanayi, ndipo zoduka zimayambira pamenepo. Utali wa chingwe yambani ndi mamita 10, kenako onjezerani kapena chepetsani mpaka muone kuti boti likamakwera funde bolodi nalo likukwera lake. Zikasemphana chingwe chimangokhalira kukhwepa ndi kutsomphola. Mphuno ya bolodi ikamalowa m'madzi, munthu asunthire kumbuyo ndipo muchepetse moto. Likamavina uku ndi uku, mwina daggerboard yatsika, mwina mwathamanga. Mafunde musawalunjike ndendende, adutseni mopendekera pang'ono. Pokhota khotani mozungulira patali. Gwirizananinso zizindikiro musanayambe, chifukwa injini ikamalira simumvana: dzanja m'mwamba ndiye imani.

Za kugunda injini, chimachitika n'chakuti boti limaima msanga likachotsedwa moto, pomwe bolodi ndi lopepuka, ndipo funde lochokera kumbuyo limaliseweretsa. Chepetsani moto mukadali kutali, mnzanu azifupikitsa chingwe mpaka bolodi libwere m'mbali mwa boti, muligwire ndi manja. Ku Chembe nyengo ya mwera pagombe pamakhala bata, izi zimakwanira. Tsiku la mpoto, mafunde akusweka pamchenga, musalowe mukukoka. Imani kunja kwa pomwe akusweka, mumasule, munthu wamphamvu zake apalase ndi manja mamita otsalawo, anzanu akumudikira m'madzi ofika m'chiuno. Wofooka alowe ndi boti, bolodi mulibwerere. Aliyense aime mbali ya kunyanja ya bolodi, asakhale pakati pa bolodi ndi mchenga.

Ndipo zikavuta, mdima ukubwera, mafuta achepa kapena munthuyo sali bwino, tayani thanga. Mangiriranipo chigubu ngati chilipo, mwina mawa lipezeka. Musakambirane naye za mtengo wake muli pamadzi.

Namwino_Nankumba:

Bambo a ku Chembe, ndiwonjezere za munthuyo akangolowa m'boti, chifukwa ena amafooka atapulumutsidwa kale.

Madzi a nyanja yathu ndi ofunda, ngakhale m'nyengo yozizira amakhala cha m'ma digiri 23, koma thupi ndi la 37. Munthu wonyowa atakhala pamphepo ya mwera kwa ola limodzi kapena awiri amazizidwa ndithu. Muvuleni malaya onyowa, mumufunditse chouma ndi kumutu komwe, akhale pansi m'boti pobisika mphepo. Jumbo yaikulu yomanga bwino yokhala ndi bulangete kapena zitenje ziwiri izikhala m'boti nthawi zonse. Ngati ali maso bwino mupatseni madzi pang'onopang'ono, pagombe tiyi wa shuga. Mowa ayi, umatsegula mitsempha ya pakhungu thupi n'kutaya kutentha kowonjezera. Amene akulankhula zosamveka, akuyenda dzandidzandi, kapena wasiya kunjenjemera koma akadali wozizira, ameneyo ali pangozi, mugonekeni mupite naye kuchipatala.

Mufunseni ngati anatsamwa madzi, ndiponso ngati mlongoti kapena boom zinamumenya pamutu. Akamatsokomola osaleka, kupuma mothamanga, kumva kuwawa pachifuwa, milomo kusintha mtundu, kusanza kapena kuodzera modabwitsa, apite ku chipatala cha Monkey Bay kapena cha Mangochi tsiku lomwelo, ngakhale iye akunena kuti ali bwino. Madzi olowa m'mapapo amatha kuyamba kuvuta patapita maola angapo, choncho usiku umenewo asagone yekha.

Mukamupeza sakupuma, chonde musataye nthawi ndi kumuzondotsa kapena kumupsinja pamimba kuti madzi atuluke. Zimenezo zimangotulutsa za m'mimba n'kutseka njira ya mpweya. Mugonekeni chagada pamalo olimba, bolodi lomwelo likhoza kuthandiza ngati pansi pa boti pali nthiti zamatabwa. Pendeketsani mutu cham'mbuyo, kwezani chibwano, mumuuzire mpweya kasanu, kenako psinjani pakati pa chifuwa ka 30 ndi kuuzira kawiri, mobwerezabwereza, liwiro la kupsinja 100 mpaka 120 pa mphindi. Mmodzi azichita zimenezi, winayo ayendetse boti ndi kuimbira wapamtunda uja kuti galimoto idikire pagombe. Akayamba kupuma, mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, ndipo muzimuyang'ana pachifuwa mpaka mukafike.